Nachule ndi Maliro a Mtsinje

Padangokhala, ndipo inu muvomere kuti tili tonse chifukwa njira ya nkhani iyi sindifuna kuiyenda ndekha, padali mayi wina dzina lake Nachule. Ankakhala Kumunsi, kumene mtsinje unkafika utatopa kale, ndipo chaka chimenecho mtsinjewo unangosiyiratu kufika.

Nachule anali ndi ana ambiri m'dziwe limodzi lotsala. Onse anali adakali mbululu: mutu ndi mchira basi, popanda mwendo ngakhale umodzi. Aliyense anali ndi dzina lake. Panali Kamchira wachisamba, wokonda mafunso. Panali Dyeratu, Mwatitha, Nabango ndi ena ambiri. Panalinso Kadiso wamantha, amene sankachoka pansi pa mwala umene unali pakati pa dziwelo. Mwana wa mbewa zinthu zikavuta amathawa ndi make. Mbululu siithawa. Madzi akaphwa, imaumira pomwepo. M'mawa uliwonse Nachule ankayang'ana mwala uja mtima uli m'mwamba, ndipo tsiku limene mutu wa mwalawo unatulukira pamwamba pa madzi, anadziwa kuti madzi atha miyendo ya ana isanamere.

Mtsinjewo sunathawe wokha ayi. Kumtunda kunali akuluakulu: Bwanamkubwa Njovu ndi nduna zake ziwiri, Njati ndi Chipembere. Amenewa anagwetsa mitengo n'kumaotcha njerwa tsiku ndi tsiku, utsi wa mauvuni awo n'kupirikitsa mitambo. Mvula itakana, anamanga damu n'kutsekera mtsinje wonse ngati mbuzi m'khola, kenaka anazunguliza mpanda. Madziwo ankasamba katatu patsiku, otsala n'kuthirira kapinga. Kapinga wake osati wodya, wongoyang'ana! Kumunsi kunkangotsikira timadzi takuda ta phulusa ndi zonyansa za m'nyumba mwawo, tonunkha moti ngakhale ntchentche zinkayamba zaganiza kaye.

Zonsezi Nachule anazimva kwa Namzeze, mbalame yoyendayenda, imene inatera pabango tsiku lina kudzapuma.

"Mayi, kwanu kuno n'kochititsa chidwi bwanji!" anatero Namzeze. "Ming'alu yapansiyi ndikakawauza anzanga sakandikhulupirira."

"Nanga mtsinje wathu mwauonako kumene mwachokerako?"

"Uliko, wonenepa zedi. Uli m'manja mwa Bwanamkubwa."

"Munthu angakaonane nawo Bwanamkubwawo?"

"Bwanji osatero? Pali chipata. Ine Kapitawo wa pachipatapo amangondichitira sawasha, ndadutsa."

Namzeze anabadwira pakhonde la Bwanamkubwa, ndiye ankaganiza kuti zipata za dziko lonse zimatseguka zokha. Sanali woipa mtima. Anali chabe munthu amene sanaimepo pamzere.

Nachule anali asanapiteko kulikonse chibadwire. Njira ankaiopa kwabasi: njoka m'udzu, kabawi kumwamba, nthaka yootcha mapazi. Koma anayang'ananso mwala uja, nanyamuka m'mamawa. Chithunzithunzi cha kabawi chikadutsa ankangoti kwata pansi osapuma, chikapita n'kudumphanso. Kuti mantha asamuphe anayamba kuimba chapansipansi nyimbo imene anaipeka yekha. Inali nyimbo yoitana mtsinje ngati mwamuna amene anapita kwawo kukaona abale n'kuiwala kubwerera. Inkamufunsa chimene anamulakwira, inkamuuza kuti ana akumufunsa, ndipo mzere uliwonse unkathera pa mawu amodzi okoka, kenaka kukhala chete pang'ono, ngati woimbayo akudikira kuyankhidwa.

Pachipata anapeza mzere wautali: mbewa, nkhanu, abuluzi, onse a Kumunsi. Kapitawo wa pachipata anali Nyani, wovala chipewa chachikulu kuposa mutu wake.

"Odi, bwana," anatero Nachule nthawi yake itakwana.

"Wakuitana ndani?"

"Palibe, bwana. Ndabwera kudzapempha Bwanamkubwa kuti atigawireko timadzi. Ana anga..."

"Muno salowa opempha, amalowa oitanidwa. Ubwere ndi nthenga ya munthu wam'kati. Wotsatira!"

Nachule anabwerera. Kunyumba anapeza madzi afika m'mapewa mwa mwala.

Anapempha Namzeze nthenga imodzi. Namzeze anaizula akudandaula kuti mchira wake wawonongeka, komabe anapereka. M'mawa mwake Nachule anayambanso ulendo, nthenga kukamwa, nyimbo ikungotulukira m'mphuno.

"Nthenga ija nayi, bwana."

Nyani anaitembenuza uku ndi uku, naiyang'ana kudzuwa, nainunkhiza.

"Ndi yeniyeni. Koma tidziwa bwanji kuti ukalowa udzatuluka? Inu a Kumunsi mukangoona madzi mumayala mphasa."

"Ndili ndi ana kunyumba, bwana. Ndingawasiye?"

"Aliyense pamzerepa akuti ali ndi ana. Akowo ali kuti? Ine sindikuwaona."

"Alibe miyendo, bwana."

"Ndiye miyendoyo ndikawapatse ndine? Ubwere ndi umboni. Wotsatira!"

Tsiku limenelo madzi anali atatsika pachifuwa pa mwala. Ana anali atayamba kupanikizana, kukamwa ali yasa pamwamba pa madzi. Nachule anafunafuna mpaka anapeza chigoba cha nkhono, nachitunga madzi.

"Ndikufuna mmodzi woti ndipite naye," anatero.

"Ine, amayi! Ine!" anakuwa Kamchira. "Ndikaone kunja!"

Mtima wake unakana. Ndikunena pano, unakana kawiri konse. Koma Kamchira ndiye anali wamphamvu pa onse, timiyendo takumbuyo titayamba kutupa, ndipo njira ina panalibe. Anamulowetsa m'chigobamo, nachisenza. M'njira monse mwana anali ndi mafunso. Ichi n'chiyani? Nanga chakuda chadutsa kumwambachi? Amayi, bwanji mukunjenjemera? Nachule ankangoyankha ndi nyimbo.

Atafika anapeza Nyani wapita kukadya nkhomaliro. Nyaniyo atabwerako anakhala pamthunzi kuti mkazi wake amutole nsabwe. Mzere sunasunthe. Dzuwa linali paliwombo.

"Amayi, madzi akutentha."

"Pirira, mwanangu. Tatsala pang'ono."

Anaphimba chigobacho ndi mimba yake, msana wake ukupsa.

"Amayi, madzi achepa."

"Bwana Kapitawo!" anakuwa Nachule. "Chonde, bwana, ingosuzumirani kamodzi! Mwana akufa!"

"Aliyense adikire nthawi yake," anatero Nyani osatsegula maso.

Kenaka mafunso analeka. Nachule anaitana Kamchira kamodzi, kawiri. M'chigoba munali zii.

Nthawi yake itakwana anaika chigobacho pamapazi pa Nyani. Nyani anasuzumira, nadumphira kumbuyo ngati waponda moto. Dzanja lake linavula chipewa lokha, mwini wake osadziwa.

"Chotsa! Chotsa msanga! Umenewu si umboni. Mwana wakufa angakukokere kunyumba?"

Nthawi yomweyo kunamveka kulira kumsewu. Anali maliro a Mbawala wina wobadwira Kumtunda amene anafera kutali kuntchito. Onyamula chithatha sanaime. Nyani anathamanga, natsegula zitseko zonse ziwiri, naima pambali chipewa pachifuwa, maso pansi. Sanafunse nthenga. Sanafunse umboni. Chithatha chinalowa, namfedwa pambuyo pake.

Mayi wina akanangogubuduka pansi ndi kulira. Nachule analira, inde, koma diso limodzi linali pachipata.

"Awa bwanji sanafunsidwe?" ananong'oneza Nkhanu amene anali pambuyo pake.

"Mwambo, mayi. Wakufa amakaikidwa kwawo kumene anabadwira. Ndani angamutsekere? Akuluakuluwa saopa munthu aliyense wamoyo, koma maliro amawaopa ngati ana."

Nachule anaika Kamchira m'mbali mwa njira, m'chigoba chake chomwecho. Pobwerera sanaimbe.

Madzi anali atafika m'chiuno mwa mwala. Sanauze ana kanthu. Anapita kumatope akuda a m'mphepete, kumene nkhalamba ina yaukali, Mlamba, inadzikwirira kudikira imfa.

"Malume, mukufuna kufa zenizeni kuno, kapena kufa mwabodza tsiku limodzi lokha?"

Mlamba anatulutsa ndevu. "Iwe, dzuwa lakuzunguza mutu?"

"Mvetserani. Tikukulungani m'mphasa ndi matope omwewa. Tikunyamulani ngati maliro a Mtsinje, tikupititseni kwawo. Mukagone chete ngati chipika. Mukadzamva fungo la madzi, mudzayambe kusunthira komweko pang'onopang'ono, mukubuula. Zotsalazo ndi zanga."

"Madzi enieni? Akuya?"

"Akuya. Koma malume, musakadumphe. Mukadikire mpaka ndinene. Ine ndikufuna atsegule pang'ono pokha, pongokwana chikhatho, kuti madzi atsike mwaulemu. Ana anga sangalimbane ndi madzi othamanga."

"Ine ndine wamkulu," anatero Mlamba. "Ndadikira miyezi itatu m'matope muno. Ndingalephere kudikira iwe?"

Nachule anapempha Ang'azi awiri apachibale kuti anyamule chithatha, atawalumbiritsa kuti salawa malirowo m'njira. Iye anamanga luzi kumutu monga amachitira mkazi woferedwa. Ulendo uno nyimbo ija anaiimba mokweza. Mawu anali omwe aja oitana mwamuna amene sanabwerere, koma tsopano inali nyimbo ya maliro, ndipo misozi yake sinali yabodza. Mbewa, nkhanu ndi abuluzi a pamzere anamva ali patali, nayamba kuvomera mawu okoka aja.

Nyani anaimirira, chipewa chili kale m'manja.

"Maliro a ndani?"

"A Mtsinje, bwana," anatero Nachule. "Anabadwira kuno. Kwathu anangobwera kudzakwatira. Dzulo atisiya, ndiye tabwera nawo kwawo."

Nyani anamuyang'anitsitsa. "Si iwe wa nthenga uja?"

"Ndine ndemwe. Ndine mkazi wawo. Ndinkabwera kudzanena za matenda, inu munandibweza katatu."

Mawu amenewa anamulowa Nyani ngati minga.

"Koma... mtsinje umafa?"

"Bwerani muone nkhope, bwana."

Nyani anaponda kamodzi, fungo linamumenya, nabwerera. Anatsegula zitseko zonse ziwiri. Ang'azi anatula chithatha pachipata, poti maliro akafika kwawo amalandiridwa ndi adzukulu a komweko. Anjiri anayi anabwera, nachinyamula. Nachule analowa pambuyo pawo. Akanangoyetsemula Mlamba, mayiyu akanapondedwa pomwepo.

Bwanamkubwa Njovu anamva uthenga ali pafupi kulowa m'madzi kusamba kachiwiri. Zinamunyansa, koma mwambo ankaudziwa: maliro ali pamudzi palibe kusamba, palibe kuotcha njerwa, mpaka ataikidwa. Mauvuni anazimitsidwa. Mudzi wonse unasonkhana pabwalo.

"Ife sitikudziwa kuti Mtsinje anamwalira," anatero Njati. "Madzi ake si awo ali m'damu?"

"Awo ndi katundu wawo, bwana," anayankha Nachule atagwada. "Munthu akafa katundu amatsala. Eni ake ndi awa agona apawa. Eni mbumba aone nkhope."

Anjiri anafunyulula mphasa kumutu. Panaoneka nkhope yakuda, yaphwatalala, yodzaza matope, ndevu zazitali zili tayale. A Kumtunda anali asanaonepo mlamba, poti nsomba ya m'matope kwawo kunalibe. Amayi anakuwa. Njovu, amene maso ake ndi ofooka kale, anaweramira pafupi, kenaka anapinda chitamba msangamsanga.

"Fungo lanji limeneli?"

"N'chakudya chimene munkawatumizira, bwana. Ankadya chomwecho, poti china kunalibe."

Chipembere anayang'ana zala zake.

"Pepani, mayi," anatero Njovu atatsokomola. "Zimachitika. Kungoti inu a Kumunsi odwala simuwasamala bwino. Adzukulu, fulumirani, dzuwa likupita."

Atanena zimenezo anachoka pagulu n'kukaima patali, pamwamba pa khoma la damu, kumene mphepo sinkabweretsa fungo. Nachule ataona zimenezo anadziwa kuti mwayi wamugwera. Zimenezi sanazikonze, zinangobwera zokha.

Njira ya kumanda inkadutsa chapafupi ndi damulo. Anjiri anayenda, Nachule akuimba pambuyo. Mphepo inaomba kuchokera kumadzi. Chithatha chinagwedera.

"Iwe, yenda bwino," anatero Njiri wakutsogolo.

"Si ine!"

Chinagwederanso, nichikokera kumanzere. Anjiri anachikokera kumanja, kumanda. M'mphasa munatuluka kubuula kwakuya, kwa munthu wotopa ndi wokwiya.

"Akukana!" anakuwa Njiri wina. "Maliro akukana!"

Panalibe ngakhale mwana wosadziwa tanthauzo lake: maliro akakana njira ya kumanda, ndiye kuti akupita kwa amene anawapha, ndipo onyamula sangachite kanthu koma kutsatira. Gulu linapatuka. Chithatha chinkakoka, Anjiri akudzandira pansi pake maso ali tong'o, molunjika kudamu, molunjika kumene kunaima Bwanamkubwa.

Njovu anasunthira kumanja. Chithatha chinabwerabe. Anasunthira kumanzere. Chinabwerabe, poti kumbuyo kwake konse kunali madzi. Mwina simunaonepo njovu ikunjenjemera. Makutu ankachita kumveka.

"Si ine ndekha!" anakuwa. "Miyala ananyamula ndi Njati! Mitengo anagwetsa ndi Chipembere!"

"Munalamula ndinu!" anakuwa onse awiri.

Apa Nachule anadumphira kutsogolo.

"Bwana, musaope! Amuna angawa ndimawadziwa. Sakufuna munthu, akufuna njira. Tsegulani khomali pang'ono pokha, pongokwana chikhatho, katundu wawo azitsika kwa ana awo. Mukatero agona."

"Chikhatho chokha?" anafunsa Njovu ndi mawu aang'ono.

"Chokha, bwana. Osapitirira."

"Njati, kachotse mwala umodzi. Msanga!"

Zinali zitatheka. Njati anali atayamba kale kuyenda. Nachule anali atayeza zonse: mwambo, fungo, maso a Njovu, mantha a Kapitawo. Chimene sanayeze ndi ludzu la nkhalamba imene yagona m'matope miyezi itatu, tsopano ikumva madzi akuya akuwomba khoma pafupi ndi mphuno yake.

Mphasa inaphiriphitha. Luzi linaduka. Chinthu chakuda chachitali chinauluka pakati pa miyendo ya Bwanamkubwa n'kugwera m'damu, khuvu!

"Malume, ayi!" anakuwa Nachule.

Matope akuda anayamba kufalikira m'madzi oyera aja. Pakati pake panatuluka mutu wandevu, nutsegula kukamwa, numira, nutulukiranso pena.

"Wadzuka! Mtsinje wadzuka!"

Njovu nzeru zinamuthera. Wakufa walowa m'madzi ake osamba!

"Mtulutseni! Mtulutseni azipita!"

Anatsika, nagunda khoma ndi mutu. Njati anagunda. Chipembere anagunda.

"Pang'ono pokha!" Nachule anakuwa mpaka kukhosi kunang'ambika. "Bwana, kuli ana! Pang'ono pokha!"

Koma mawu a chule pakati pa njovu yochita mantha amamva ndani? Khoma linalira ngati bingu, nilitseguka lonse. Madzi a chaka chathunthu anatuluka nthawi imodzi.

Nachule anaima kamphindi. Anaganiza za njira yaitali ija imene ankadumpha, naona liwiro la madziwo. Panalibe zothamanga kukachenjeza. Anatseka maso, nadziponya m'chigumulacho.

Madzi anamugubuduza, anamumenyetsa kumitengo, anamumiza n'kumulavula. Anadutsa pachipata chimene chinamubweza katatu. Chipatacho chinali chikuyandama, Nyani ali m'mwamba mwa mtengo akulira chipewa chake. Anadutsa pamene anaika Kamchira. Ulendo wautali uja unatha nthawi yongokwana kuwiritsa madzi. Koma mutu wa chigumula unali patsogolo pake, ndipo ngakhale anapalasa chotani sanaupeze.

Atafika Kumunsi anagwira bango. Dziwe kunalibe. Kunali madzi okhaokha othamanga, ofiira, akupita kumene iye sanafikeko.

Anakakamira bangolo mpaka madzi anaphwera. Mwala uja utatulutsanso mutu, anakwera pamwamba pake nayamba kuitana. Anaimba nyimbo yomwe ija, koma m'malo mwa mwamuna anaika mayina a ana ake, limodzilimodzi, ndipo pa dzina lililonse ankakhala chete kudikira. Anaitana Dyeratu. Anaitana Mwatitha. Anaitana Nabango. Anatchula onse, mpaka analakwitsa n'kutchula Kamchira.

Atatchula Kadiso, pansi pa mapazi ake panamveka kamawu.

"Amayi, zapita?"

Anali mumng'alu wa pansi pa mwala, mmene ankabisala masiku onse, atakakamira ndi timiyendo tiwiri timene tinamera dzulo lake. Pa ana onse aja anatsala yekhayo.

A Kumtunda anamanganso damu, lalitali kuposa loyamba. Pachipata anaika lamulo latsopano lakuti maliro nawonso azibwera ndi nthenga. Bwanamkubwa anatumiza mthenga kudzapepesa a Kumunsi pa tsoka limene linawagwera, ndi kuwalangiza kuti aphunzirepo, asamaberekere ana m'njira ya madzi. Ine mpaka lero ndikakumbukira uthenga umenewu chakudya sichilowa.

Chaka chotsatira Namzeze anateranso pabango lomwe lija.

"Mayi, ndaona zodabwitsa! Kutali uko, pafupi ndi madzi amchere, ndinapeza tiachule tikuimba nyimbo yonga yanu ija."

Nachule anadumphira pafupi naye. "Angati? Mayina awo ndani?"

"Aa, sindinafunse. Ndinali paulendo."

"Nanga bwanji sakubwera kwawo?"

"Akuti anayesa. Koma pakatipa maiko onse amanga mipanda tsopano. Pachipata chilichonse akuwafunsa kuti wawaitana ndani."

"Ndawaitana ine!" anakuwa Nachule. "Ine make! Tsiku lililonse ndikuwaitana!"

Namzeze anayang'ana pansi, mwina koyamba chibadwire. "Pamafunika nthenga, mayi," anatero. "Inu mulibe nthenga."

Nthano yanga yafika pamapeto, kaphuleni mbatata ija isanapserere. Koma mvula ikagwa, madzi akayamba kuyenda m'makwawa, mudzamva achule akulira, ndipo wina adzakuuzani kuti akusangalalira mvula. Musamuvomere. Mudzaime mumvetsere bwino. Amatchula dzina, n'kukhala chete. Amatchulanso lina, n'kukhala chete. Mpata umenewo si wopumira ayi. Akudikira kuti mwina wina ayankha.